Khonsolo ikakana sitolo, chamba sichisamuka

Pa 8 Novembala 2016 anthu a m'chigawo cha California ku America anaponya voti pa funso limene kwathu kuno ambiri sangalitchule n'komwe pagulu: kodi munthu wamkulu aloledwe kugula ndi kusuta chamba ngakhale sakudwala? Ovota 57 pa 100 aliwonse anavomera. Lamulolo, lotchedwa Proposition 64, linati aliyense wa zaka 21 kupita m'tsogolo akhoza kukhala ndi magalamu 28.5 a chamba ndi kudzala mitengo 6 pakhomo pake. Masitolo ovomerezeka anayamba kugulitsa pa 1 Januwale 2018. Koma m'lamulo lomwelo munatsala ndime yomwe yakhala ikubala mavuto mpaka lero. Khonsolo ya mzinda uliwonse ndi ya kaunti iliyonse inapatsidwa mphamvu yokana sitolo ya chamba m'dera lake. California ili ndi makaunti 58, omwe tingawayerekeze ndi maboma athu, komanso mizinda yoposa 480. Nthambi ya chigawocho yoona za chamba, Department of Cannabis Control, yakhala ikunena kuti makhonsolo oposa theka salola bizinesi ya chamba yamtundu uliwonse.

Mphamvu imeneyi ndi yolakwika, ndipo makhansala amene amaigwiritsa ntchito akunamiza anthu awo. Sindikunena izi chifukwa chokonda chamba. Ndimachiopa, makamaka chikafika m'manja mwa mwana wasukulu amene ubongo wake sunakhwime, ndipo chimene akugulitsa ku America masiku ano n'chaukali kuposa chimene ankasuta makolo awo. Nkhawa yangayo ndi imene ikundichititsa kudana ndi chiletso cha makhonsolo. Khansala akakweza dzanja kukana sitolo, chamba chimakhalabe mumzinda mwake. Lamulo la chigawo lalola kale kuti munthu akhale nacho, achisute m'nyumba mwake, achidzale kuchipinda, ndipo khonsolo ilibe mphamvu yoletsa mitengo 6 yodzalidwa m'kati mwa nyumba. Amene khansalayo wathamangitsa ndi mlonda wapakhomo pa sitolo, uja amafunsa chiphaso kuti aone zaka za wogula. Wathamangitsanso woyeza katundu amene amafufuza ngati masambawo ali ndi nkhungu kapena mankhwala ophera tizilombo, ndi wokhometsa msonkho. Watsala wogulitsa wamseri, amene safunsa zaka, ndipo watsala yekha pamsika. Zili ngati mfumu imene yatseka bala ya laisensi n'kumadzitama kuti yathetsa uchidakwa, pomwe kuseri kwa nyumba akutcheza kachasu usiku ndi usana, ndipo akumwawo sakudziwa chimene chathiridwamo.

Kusadziwa chimene chathiridwamo kwapha kale anthu. Mu 2019 zipatala za ku America zinayamba kulandira achinyamata akubanika, mapapo atawonongeka chifukwa cha timakina tokokera nthunzi ya mafuta a chamba. Pofika mu Febuluwale 2020 bungwe loona za matenda la CDC linali litawerenga odwala 2,807 ndi maliro 68. Ofufuza anapeza kuti vuto lalikulu linali mafuta otchedwa vitamin E acetate, omwe ogulitsa ankasungunulira katundu wawo kuti achuluke, ndipo odwala ambiri anali atagula kwa anzawo, kwa ogulitsa a mumsewu kapena pa intaneti. Khonsolo imene imakana sitolo yoyenderedwa ndi boma imakankhira nzika zake ku msika umenewu. Amene ali ndi galimoto ndi nthawi amapita mzinda wina kukagula choyezedwa. Amene alibe, kapena amene amakhala kumadera a minda komwe sitolo yovomerezeka ili kutali, amaimbira foni munthu yemwe uja ankawagulitsa lamulo lisanasinthe.

Boma la chigawo linayesa kutseka mpata umenewu. Mu 2019 linakhazikitsa lamulo loti sitolo ya laisensi ikhoza kukasiya katundu pakhomo pa wogula kulikonse m'California. Mizinda 24 pamodzi ndi kaunti ya Santa Cruz inathamangira kukhoti kukatsutsa. Woweruza wa ku Fresno anauthetsa mlanduwo mu Novembala 2020, koma chifukwa chimene anapereka n'chakuti lamulo la chigawolo silinalande makhonsolo mphamvu yotsata malamulo awoawo, choncho mkangano unatsala pomwe unali. Chomvetsa chisoni kwambiri ndi cha odwala. California inalola chamba chamankhwala mu 1996, koma panafunika lamulo lina, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2024, kuti makhonsolo asiye kuletsa kuti wodwala amubweretsere mankhwala ake pakhomo. Kwa zaka zonsezo munthu wa khansa amene dokotala wamuvomereza ankadalira kuti makhansala a mzinda wake ali ndi mtima wotani.

Makhansala ali ndi mayankho awo, ndipo ena ndi omveka. Amati sitolo ikakhala pamsewu waukulu, yowala magetsi, ana amazolowera kuona chamba ngati chinthu wamba. Amati masitolowa amasunga ndalama zambiri m'kabati, poti mabanki akuluakulu amawapewa chifukwa lamulo la boma lalikulu la ku Washington limaletsabe malondawa, ndiye amaitana achifwamba. Apolisi ena amawonjeza kuti Proposition 64 inachepetsa chilango cha wolima popanda chilolezo, ndipo magulu a zigawenga anadzaza chipululu ndi mashedi a pulasitiki. Mu Januwale 2024 mitembo ya amuna 6 inapezeka kuchipululu cha El Mirage m'kaunti ya San Bernardino, ndipo mkulu wa apolisi a kauntiyo anati anaphedwa pa mkangano wa chamba chamseri. Zimenezi ndi zoona, ndipo sindinganene kuti sitolo imodzi ikanapulumutsa amunawo, chifukwa chamba chambiri cholimidwa mozembera chimatumizidwa ku zigawo zina. Koma mantha onsewa akuloza mbali imodzi. Kuwala kwa magetsi ndi zikwangwani khonsolo ikhoza kuziletsa popanda kukana sitolo. Achifwamba amalimbana nawo polamula makamera, alonda ndi maola otsekera. Zigawenga za m'chipululu zimanenepa pamene wogula alibe kwina kopita, ndipo kaunti ya San Bernardino yomweyo imaletsa malonda a chamba m'madera ake akunja kwa mizinda. Chiletsocho sichinaletse mashedi kumera.

Pali vuto lachiwiri, ndipo ili ndi limene limandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa limachitika m'mizinda yomwe inavomera. Ku California munthu sangapeze laisensi ya chigawo asanaloledwe ndi khonsolo yake. Makhonsolo ambiri amati tilola masitolo atatu, kapena asanu, basi. Mzinda wa anthu masauzande ambiri ukakhala ndi masitolo atatu okha, chilolezo chilichonse chimasanduka chuma cha mamiliyoni, ndipo amene amasankha wochilandira ndi anthu asanu okhala patebulo limodzi. Munthu safunika kukhala mneneri kuti adziwe chotsatira.

Ku Calexico, tauni ya m'malire a Mexico, khansala David Romero ndi mnzake wina wa m'komiti ya mzindawo anavomera kukhoti mu 2020 kuti analandira madola 35,000 kwa munthu amene ankamuyesa wamalonda wofuna chilolezo cha sitolo ya chamba, pomwe anali wapolisi wa FBI. Ku Adelanto, ku California komweko, meya wakale Richard Kerr anavomera mu 2023 kuti analandira ziphuphu zoposa madola 57,000 kuti azivotera malamulo ndi zilolezo zokomera amalonda a chamba, ndipo anagamulidwa miyezi 14 kundende. Nkhani yoonetsa bwino m'mene makinawa amayendera inachitika kutali ndi California, ku Fall River m'chigawo cha Massachusetts. Kumeneko wofuna kutsegula sitolo ankayenera kukhala ndi kalata ya mzinda yonena kuti sukutsutsa, ndipo wosaina kalatayo anali munthu mmodzi, meya. Jasiel Correia, yemwe anasankhidwa kukhala meya ali ndi zaka 23, anasandutsa siginecha yake katundu wogulitsa. Mu Meyi 2021 khoti linamupeza wolakwa pa milandu yophatikizapo kulanda ndalama amalonda a chamba, ndipo anapatsidwa zaka 6.

Wina anena kuti awa ndi anthu oipa ochepa chabe. Ayi. Anthu oipa alipo m'khonsolo iliyonse padziko lapansi, koma sapempha madola 35,000 kwa wofuna kutsegula malo ometera tsitsi, chifukwa chilolezo cha malo ometera aliyense wokwaniritsa zofunika amachipeza. Chiphuphu chimamera pomwe chilolezo chachepetsedwa dala n'kuikidwa m'thumba mwa wandale. Ndipo katangale wina sanafunike n'kubisa komwe. Lamulo la Massachusetts linalola tauni kulipiritsa sitolo mpaka 3 pa 100 ya ndalama zonse zogulitsa, kuti zilipire mavuto amene sitoloyo ingabweretse. Matauni ambiri anatenga ndalamazo osaonetsa vuto lililonse lomwe alipira, ena anawonjezapo zopereka zimene ankazitcha zaufulu koma wokana sankapatsidwa chilolezo. Nyumba ya malamulo ya chigawocho inachita kukonza lamulo mu 2022 kuti bungwe loyang'anira chamba liziunika mapanganowa. Amene anapirira zonsezi ndi makampani a ndalama zambiri, okhoza kulipira maloya, kulipira lendi ya nyumba yopanda kanthu kwa chaka chathunthu podikira chilolezo, ndi kudyetsa aliyense wofunika kudyetsedwa. Mnyamata wakuda wa m'dera losauka, amene anamangidwapo chifukwa cha ndudu imodzi ndipo andale anamulonjeza kuti malonda atsopanowa amupindulira, anangoonerera panja pa mpanda.

Ife a ku Malawi nkhaniyi isatidutse ngati ya eni ake okha. Lamulo lathu la 2020 linalola chamba chamankhwala ndi cha mafakitale, kusuta n'kukhalabe mlandu, ndipo zilolezo zimaperekedwa ndi Cannabis Regulatory Authority. Dandaulo loyamba la alimi ang'onoang'ono linali lomweli, lakuti mtengo wa laisensi, wowerengedwa m'madola masauzande, unawatsekera kunja pa mbewu imene dziko lino latchuka nayo kwa zaka zambiri. Kulikonse kumene mbewu yoletsedwa yaloledwa, nkhondo imasamukira pakhomo lolowera, ndipo funso limakhala lakuti kiyi ali ndi ndani.

Tsono otetezera mphamvu ya makhonsolo ali ndi mfundo imodzi yaikulu imene amabisalamo: anthu a m'dera ndiwo adziwa chimene chili chabwino kwa iwo, ndipo boma la kutali lisawakakamize. Mfundoyi ndimailemekeza. Koma anthu a m'dera ndi ndani? Ku New Jersey, mu Novembala 2020, ovota 67 pa 100 aliwonse anavomera chamba. Pofika mu Ogasiti 2021 matauni pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse anali atakana masitolo, ambiri mwa iwo matauni amene anthu ake anavota inde. Apa amene ananyalanyazidwa ndi anthu a m'dera omwewo, ndipo wowanyalanyaza si boma la kutali. Ku msonkhano wa khonsolo wa madzulo a pakati pa sabata kumabwera eni nyumba opuma pantchito oopa kuti mitengo ya nyumba zawo itsika, atsogoleri a mipingo, ndi mkulu wa apolisi. Wogwira ntchito ya usiku sabwera, ndipo wosuta chamba sangaimirire pamaso pa abwana ake ndi anansi ake n'kunena kuti ndikufuna sitolo pafupi. Khansala amamva mawu a anthu makumi angapo a m'holoyo n'kuwatcha mawu a mzinda, pamene mawu a anthu masauzande ali kale m'bokosi la mavoti.

Colorado Springs yatiphunzitsa zambiri pa izi. Chigawo cha Colorado chinavomera chamba mu 2012 ndipo masitolo anatsegula pa 1 Januwale 2014. Khonsolo ya Colorado Springs, mzinda wachiwiri kukula m'chigawocho, inakana, poopa mwa zina kukhumudwitsa asilikali, popeza kampu ya Fort Carson ndi sukulu ya asilikali a ndege zili komweko. Kumadzulo kwa mzindawu, kungodutsa malire, kuli katauni ka anthu pafupifupi 5,000 kotchedwa Manitou Springs. Katauniko kanalola masitolo awiri. Kwa zaka khumi anthu a mumzinda waukuluwo ankayenda mphindi zochepa kukagula kumeneko n'kubwerera nacho kwawo kukasuta. Msonkho unkatsala ku Manitou Springs, pomwe woyendetsa galimoto ataledzera ndi mwana wopezeka nacho kusukulu anali mutu wa apolisi ndi aphunzitsi a Colorado Springs. Makhansala anasankhira anthu awo mavuto onse a chamba n'kupereka phindu lake kwa anansi.

Mu 2022 funsoli linapita kwa ovota a Colorado Springs, ndipo anakana. Kukana kumeneko ndilibe nako mlandu, ngakhale ndikuona kuti sanasankhe bwino, chifukwa anakana ndi eni mzinda. Mu Novembala 2024 anafunsidwanso ndipo anavomera kuti masitolo a chamba chamankhwala omwe analipo kale azigulitsanso kwa akuluakulu onse. Apa ndi pomwe makhansala anaonetsa mtima wawo weniweni. Ambiri mwa iwo anati ovota anasokonezeka ndi m'mene funso linalembedwera, ndipo anakonza zoti afunsenso pa chisankho cha mu Epulo 2025, chisankho cha mzinda chimene anthu ochepa amapitako. Khoti linawaletsa, ndipo malonda anayamba mu Epulo momwemo. Anthu omwe kwa zaka khumi ankalalikira kuti dera lizidzisankhira lokha, dera litasankha zosiyana ndi zofuna zawo anati derali silinamvetse. Kuyambira pamenepo, khansala akamati akuteteza ufulu wa dera, ndimafuna kudziwa ngati akunena ufulu wa anthu kapena wa mpando wake.

Sindikuti makhonsolo achotsedwe pa nkhaniyi. Ntchito yawo ilipo, yambiri, ndipo ndi iwo okha angaigwire bwino, chifukwa amadziwa msewu umene ana amadutsa pochokera kusukulu ndi mphambano imene pamachitika ngozi. Lamulo la California limati sitolo italikirane ndi sukulu mamita pafupifupi 180, ndipo khonsolo ikhoza kusintha mtundawo malinga ndi dera lake. Ikhazikitse maola, iletse zikwangwani zokopa ana, itumize achinyamata oyesa ngati sitolo ikufunsa chiphaso, ndipo yopezeka ikugulitsa kwa mwana itsekedwe tsiku lomwelo. Ilembe zofunika zonse poyera, ndipo aliyense wozikwaniritsa apatsidwe chilolezo ndi kalaliki, popanda kukagwada kwa meya. Ngati malo ndi ochepa, achite maere anthu akuona. Isamalenso ndi msonkho. Chigawo chimadula kale 15 pa 100, pamwamba pake pali msonkho wamba wa malonda, ndipo Los Angeles imawonjeza 10 pa 100 yake. Wogulitsa wamseri salipira chilichonse cha izi, choncho khonsolo yadyera imamuthandiza mofanana ndi khonsolo yokana. Chimene khonsolo isachite n'kugwiritsa ntchito mtunda ndi mapu ngati chiletso chobisika, kukulitsa malire mpaka mumzinda monse musatsale malo ololedwa.

Ndipo ngati mzinda ukufunadi kukana kotheratu, njira yachilungamo ilipo kale. Massachusetts, ngakhale inalakwitsa pa makalata a mameya, pano inachita bwino. Lamulo lake la 2017 linati tauni imene anthu ake anavota inde mu 2016 singaletse masitolo popanda kubwerera kwa anthu omwewo kukawafunsa pa voti. Michigan inatenga njira ya thumba: gawo la msonkho wa chamba limagawidwa kwa matauni ndi makaunti amene ali ndi masitolo, ndipo okana salandira. Njira ziwirizi zimachititsa kuti wokana aonekere ndi kusenza mtengo wa kukana kwake.

Ku California phungu Phil Ting anayesa zofanana mu 2019. Bilu yake, AB 1356, inkati mzinda kapena kaunti imene ovota ake oposa theka anavomera Proposition 64 iyenera kulola masitolo angapo, pokhapokha anthu ake atavotanso kuti sakuwafuna. Mgwirizano wa mizinda, League of California Cities, unalimbana nayo, ndipo biluyo inaimitsidwa isanavoteredwe m'nyumba yonse. Aphungu a ku California aibweze, ndipo nthawi ino awonjezemo ndime yoletsa khansala kapena meya aliyense kusankha yekha amene alandire chilolezo.